Mwana wa chinenero china akafika m'kalasi, mphunzitsi tisamusiye yekha

Kuchokera pa Dedza kukafika ku Ntcheu, m'malo ambiri msewu wa M1 ndiwo malire a dziko. Pa Lizulu munthu amagula kabichi ku Malawi n'kuwoloka phula kukagula mbatata ya kachewere ku Mozambique, osaona chachilendo. Maukwati amawoloka, maliro amawoloka, ena minda yawo ili uku ndi uko. Ana a sukulu nawo amawoloka. Ndiye m'sukulu za m'mbali mwa malire, kuyambira pa chipata cha Dedza mpaka ku Biriwiri ndi ku Tsangano, zimachitika kuti phunziro lili mkati, ahedi agogoda pakhomo atagwira mwana padzanja: "Madamu, nayu mwana wanu, wachokera kutsidya." Akatero amabwerera ku ofesi. Zotsala zonse zimagwera mphunzitsi amene mwina ali kale ndi ana 90 kapena 100, ambiri atakhala pansi, buku limodzi akugawana anayi.

Nkhani ya ana othawa kwawo ndi ana obwera kuchokera kunja ikamakambidwa, maso onse amakhala pa mwana: alibe yunifolomu, alibe kope, sakumva chinenero. Zonsezo n'zoona. Koma amene amakhala ndi mwanayo kuyambira m'mawa mpaka poweruka ndi mphunzitsi, ndipo mphunzitsiyo nthawi zambiri sauzidwa kalikonse, sapatsidwa kalikonse, safunsidwa n'komwe kuti zikuyenda bwanji. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene nkhaniyi imathyokera.

Ana amenewa si amtundu umodzi, ndipo kuwaika m'gulu limodzi ndiko kulakwitsa koyamba. Ochuluka kuno ndi a ku Angónia ndi ku Tsangano wa kutsidya, Achewa ndi Angoni anzathu, amene Chichewa ndi chawo chobadwa nacho koma sukulu anayamba m'Chipwitikizi. Palinso ana a Amalawi amene abwerera kuchokera ku Joni kapena ku Zimbabwe. Mwana wotere dzina lake ndi Phiri kapena Banda, agogo ake ali pamudzi pompo, koma pakamwa pake pali Chizulu, Chishona ndi Chingerezi, Chichewa amangochimva patalipatali. Ndiye pali ana a mabanja ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, olankhula Chiswahili, Chirundi, Chinyarwanda, ena Chifalansa. Ambiri mwa awa ali ku Dzaleka m'boma la Dowa, msasa umene unatsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu pafupifupi 10,000 koma lero uli ndi oposa 50,000. Komabe alipo mabanja okhala m'matauni ang'onoang'ono, ena ndi zilolezo zochitira malonda, ena chifukwa anakwatirana ndi Amalawi. Tisaiwalenso mwana wa kwa Tambala amene kunyumba amalankhula Chiyao. Iye sanawoloke malire alionse, koma tsiku loyamba ku Sitandade 1 vuto lake silisiyana kwenikweni ndi la anzakewo.

Dera lino si lachilendo pa nkhaniyi. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique itafika povuta, dziko la Malawi linasunga anthu oposa miliyoni imodzi, ndipo ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri sanakhale m'misasa yotchingidwa ndi waya koma m'midzi, pakati pa abale awo. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992 ambiri anabwerera kwawo. Ana a nthawi imeneyo lero ndi makolo, ena ndi agogo, ndipo aphunzitsi amene anawaphunzitsa ena akadali moyo, atapuma ntchito m'midzi mwathu momwemu. Nzeru zimene anazipeza m'zaka zimenezo zili m'mitu mwawo basi. Komanso sitinganene kuti zinatha. Mu 2016 anthu zikwizikwi ochokera ku Tete anafika pa Kapise ku Mwanza, kenako anasamutsidwira ku Luwani m'boma la Neno. Kumapeto kwa 2024, zipolowe za pambuyo pa chisankho zitabuka ku Mozambique, ena anathawira ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Sukulu ya pamalire iyenera kukhala yokonzeka nthawi zonse.

Alowe kalasi iti?

Funso loyamba limene limagwera mphunzitsi ndi ili, ndipo likayankhidwa molakwika mwana amasiya sukulu chaka chisanathe. Mwana wochokera kusukulu ina ya m'dziko muno amabwera ndi kalata ya transifa. Wothawa nkhondo sabwera ndi pepala lililonse, ndipo wa kutsidya akabwera nalo limakhala la Chipwitikizi, malikisi ake owerengera pa 20 osati pa 100. Mwana amene wapeza 14 kumeneko wakhoza bwino, koma amene sadziwa angaganize kuti walephereratu. Chaka cha sukulu nachonso chimasemphana: kwathu timayamba mu Seputembala, pamene ku Mozambique ndi ku South Africa amayamba kumayambiriro kwa chaka. Mwana amene wamaliza kalasi yake mu Disembala amatipeza ife titatha teremu yathunthu.

Zimene zimachitika kawirikawiri n'zakuti mwanayo amafunsidwa mafunso awiri atatu m'Chingerezi, akalephera kuyankha amatumizidwa ku Sitandade 1 kapena 2. Mtsikana wa zaka 13 amene anali kale pa masamu a mafulakishoni amakhala pansi pamodzi ndi ana a zaka 6 akuimba a, e, i, o, u. Manyazi amamugwira, anzake amamuseka, ndipo pakapita miyezi ingapo timamva kuti akugulitsa tomato pamsewu kapena wakwatiwa. Mphunzitsi sindimuimba mlandu. Iye anayesa ndi chida chokhacho chimene anali nacho. Chimene anayesa, komabe, ndi Chingerezi, osati nzeru za mwana.

Thandizo lofunika apa silidula. Sukulu iliyonse ya pamalire ikhale ndi pepala limodzi la masamu olembedwa ndi manambala okhaokha, oyambira kuphatikiza mpaka kugawa ndi mafulakishoni, loti mwana aliyense angayese popanda kumva chinenero. Ikhalenso ndi ndime zazifupi m'Chipwitikizi, m'Chiswahili ndi m'Chifalansa. Mphunzitsi safunika kumva zinenerozo kuti azindikire ngati mwana akuwerenga mosadodoma kapena akungoyang'ana zilembo. Mwana amene amawerenga kale m'chinenero chimodzi sayambanso pachiyambi. Amadziwa kale kuti zilembo zimaimira mawu, kuti timawerenga kuchokera kumanzere, kuti chiganizo chimathera pa mpumiro. Chimene chamutsalira ndi mawu atsopano. Wotereyu aikidwe m'kalasi yoyandikana ndi msinkhu wake, ndipo pa ola la kuwerenga lokha azipita kukathandizidwa. Pepala lotereli silingakonzedwe ndi mphunzitsi mmodzi usiku kunyumba kwake. Ndi ntchito ya zoni (gulu la sukulu zoyandikana), yoti mlangizi wa maphunziro aitanitse aphunzitsi ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'zoni amakumanirako, alikonze kamodzi, sukulu zonse zigawane.

Msampha wa mwana amene "amamva Chichewa"

Pa ana onsewa, amene amaiwalika kwambiri ndi wa kutsidya, chifukwa salira. Pa buleki amasewera phada ndi anzake, amatukwana ndi kuseka m'Chichewa chenicheni. Mphunzitsi amati palibe vuto. Vuto limaonekera m'kope.

Mwana amene anaphunzira kulemba m'Chipwitikizi amalemba "nhumba" m'malo mwa nyumba, "calulu" m'malo mwa kalulu, "muana" m'malo mwa mwana. Sikuti ndi wosokonezeka mutu. Akutsatira malamulo amene anaphunzitsidwa, ndipo akuwatsatira bwino. Onani mmene malo athu omwewa amalembedwera kutsidyako: ife timati Ulongwe ndi Domwe, iwo amalemba Ulónguè ndi Dómuè. Wophunzira m'Chifalansa akaona "phala" amawerenga "fala", ndipo akaona "ch" amatchula ngati "sh". Mphunzitsi amene wauzidwapo zimenezi amatha kukonza vutolo m'masabata ochepa: amangolemba zilembo zosemphanazo pa tchati, uku kalembedwe ka kwawo, uku kathu. Amene sanauzidwe amadzaza kope ndi cholembera chofiira, n'kumuika mwanayo m'gulu la ochedwa kumva.

Pa masamu zilinso chimodzimodzi. Ku Mozambique, ku Congo ndi ku Burundi amalemba 2,5 pamene ife timalemba 2.5. Nambala 7 amaidula pakati, ndipo 1 wawo amakhala ndi kamchira kakatali kamene kwa ife kamaoneka ngati 7. Pogawa manambala aakulu amaika chogawira kumanja ndi yankho pansi pake, mosiyana ndi mmene timachitira ife. Yankho limatuluka lolondola, koma mphunzitsi wotopa, amene ali ndi mulu wa makope oti achonge dzuwa lisanalowe, amaona njira yachilendo n'kulemba mtanda. Zimandiwawa kuganiza ana angati anauzidwa kuti sadziwa masamu pa chifukwa chimenechi, pamene chinali chinthu choti mphunzitsi akanauzidwa m'mphindi khumi.

Palinso china chozama kuposa kalembedwe. Katswiri wa maphunziro a zinenero wa ku Canada, Jim Cummins, anaonetsa kuti mwana wobwera amatha kugwira chinenero chochezera m'chaka chimodzi kapena ziwiri, koma chinenero cha m'mabuku, chimene amafotokozera nacho sayansi ndi kuyankhira mayeso, chimamutengera zaka 5 mpaka 7. Mwana wa ku Burundi angathe kutsutsana nanu mtengo wa mandasi m'Chichewa chosalala pakatha miyezi isanu ndi umodzi, koma funso lolembedwa loti afotokoze kayendedwe ka madzi kuchokera m'nyanja kupita m'mitambo lim'gonjetse. Mphunzitsi akapanda kudziwa kusiyana kumeneku amaganiza kuti mwanayo ndi waulesi. Ndipo kwathu kuno katunduyo ndi wowirikiza. M'makalasi a m'munsi zinthu zimayenda m'Chichewa, pofika Sitandade 5 mabuku amasanduka a Chingerezi, ndipo pa mayeso a MANEB a Sitandade 8 mwana amalemba pepala la Chichewa limodzi ndi mapepala ena m'Chingerezi. Wobwera ali ndi zaka 11 ayenera kugwira zinenero ziwiri za m'mabuku nthawi imodzi, m'zaka zitatu kapena zinayi zokha.

Apa ndondomeko za boma sizinamuthandize mphunzitsi. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chinenero cha dziko. Mu 1996 unduna unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chinenero cha kwawo. Lamulo la maphunziro la 2013 linati chinenero chophunzitsira ndi Chingerezi. Mu 2016 kunabwera pulogalamu ya kuwerenga ya dziko lonse, ya Chichewa ndi Chingerezi, yokhala ndi mabuku a mphunzitsi olongosola phunziro sitepe ndi sitepe. Pulogalamuyi ili ndi ubwino wake, koma inakonzedwa poganizira mwana amene amamva Chichewa. Zotsatira zake n'zakuti mphunzitsi amene amalola mwana kufunsa mnzake m'Chiswahili, kapena amene amadziwako Chipwitikizi n'kuponyapo mawu awiri, amachita mobisa. Alangizi akabwera kudzaonerera phunziro amasiya, poopa kulembedwa kuti wapatuka pa buku.

Mantha amenewa ayenera kuchotsedwa ndi akuluakulu, ndipo achotsedwe poyera. Palibe chifukwa choopera chinenero cha mwana. Ku Ife, m'dziko la Nigeria, kuyambira 1970 anayesa kuphunzitsa ana m'Chiyoruba zaka zisanu ndi chimodzi zonse za pulayimale, Chingerezi chikuphunzitsidwa ngati phunziro, ndipo anawo sanatsalire m'Chingerezi poyerekeza ndi anzawo. Chinenero choyamba chikalimba, chachiwiri chimakhala ndi pokwera. M'kalasi ya ku Dedza izi sizitanthauza kuti mphunzitsi aphunzire zinenero zisanu. Zikutanthauza kuti ana awiri olankhula chinenero chimodzi akhale pamodzi m'malo mowalekanitsa, aloledwe kunong'onezana kuti amvetse funso, mwana ayambe walemba maganizo ake m'chinenero chimene amaganizira kenako awasandutse, ndipo pakhoma pakhale mawu ofunika a phunzirolo m'zinenero zonse zimene zili m'kalasimo, olembedwa ndi ana eni ake. Chiswahili ndi Chirundi ndi abale a Chichewa: nyumba, nyama, mbuzi, moto, zonsezi mwana wa Chiswahili amazidziwa kale. Mphunzitsi akayambira pa zimene zikufanana, mwana amaona kuti sanafike kudziko la mizimu. Koma zonsezi mphunzitsi adzazichita momasuka pokhapokha mlangizi wa zoni atanena pamaso pa onse kuti, "Aphunzitsi, zimenezi n'zololedwa, ndipo ndikabwera ndikufuna ndizione."

Mwana wachete

Ana ambiri obwera amakhala chete masabata oyambirira, ena miyezi. Ichi chokha si matenda. Mwana amakhala akumvetsera, akusonkhanitsa mawu, ndipo kumukakamiza kuimirira n'kuyankha pamaso pa kalasi yonse kumangotalikitsa chete ameneyo. Aloledwe kuyankha poloza, pojambula, pokweza zala. Koma pali chete wina wochokera kwina. Mwana amene anaona mudzi wake ukuyaka, kapena amene anayenda masiku ambiri osadziwa kumene kuli mayi ake, amatha kudzidzimuka chitseko chikamenyeka, kulowa pansi pa desiki galimoto ikaphulitsa tayala pamsewu, kumenya mnzake pa chifukwa chochepa, kapena kugona m'kalasi chifukwa usiku sagona. Ndodo, ngakhale kungoikweza osamenya, imabwezera mwana wotere kumene anachokera.

Mphunzitsi si dokotala wa maganizo ndipo tisamusandutse dokotala. Chimene ayenera kudziwa ndi chochepa koma chofunika: asamufunse mwana kuti afotokoze zimene anaona, makamaka pagulu, tsiku la sukulu liziyenda mwa dongosolo lodziwika kuti mwana adziwe chotsatira, ndipo adziwe kumene angatumize mwana zikapitirira, kaya ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma, kwa wogwira ntchito yoteteza ana m'dera, kapena kuchipatala. Nambala za anthu amenewa zikhale pakhoma la ofesi ya ahedi. Amayi a gulu la amayi la pasukulu, amene kale amatsata atsikana ojomba, angathe kuyendera khomo la mwana wobwera, ndipo nthawi zambiri mayi amauza mayi mnzake zimene sangauze ahedi.

Nkhani imene siikambidwa ndi ya mtima wa mphunzitsi mwini. Mwana akayamba kukhulupirira munthu amaulula, ndipo amaulula kwa mphunzitsi, mwina poweruka, ena onse atapita. Mphunzitsiyo amapita nazo kunyumba, kumene kukumudikira ngongole, malipiro ochedwa ndi ana ake omwe. Alibe womuuza. Ena amayamba kuuma mtima, osati chifukwa ndi oipa koma chifukwa atopa. Kungokhala ndi mnzake mmodzi pasukulu kapena m'zoni amene angakhale naye pansi n'kunena kuti "lero ndamva zinthu zolemera" kumasunga mphunzitsi pantchito.

Kuwonjezera apo pali mantha a mapepala. Mu Meyi 2023 boma linayamba kusamutsa mokakamiza othawa kwawo amene ankakhala m'matauni ndi m'midzi kuwabwezera ku Dzaleka, ndipo ana ena anachoka m'sukulu zawo teremu ili mkati. Dziko la Malawi polowa m'pangano la 1951 la othawa kwawo linakana kumangidwa ndi ndime zina, kuphatikizapo za ufulu woyenda, wogwira ntchito yolipidwa ndi wa maphunziro a boma. Komabe ndime 25 ya malamulo aakulu a dziko lino imati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Mphunzitsi wamkulu wa kumudzi ali pakati pa ziwirizi. Amadzifunsa ngati adzaimbidwa mlandu akalemba mwana wopanda mapepala, makolo nawo amaopa kuti kaundula wa sukulu adzawaulula, motero amabisa kumene achokera ngakhale chinenero chimene amalankhula kunyumba. Mphunzitsi sangathandize mwana amene chinenero chake chikubisidwa. Ofesi ya maphunziro paboma ikuyenera kupereka malangizo olembedwa, omveka, kuti ahedi asamangoganizira okha. Maganizo anga ndi akuti sukulu si ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, ndipo mwana amene waima pakhomo la kalasi alembedwe. Mawu onyoza nawonso, monga kutchula aliyense wa ku Congo, Rwanda kapena Burundi kuti "Mburundi" mwachipongwe, kapena kuseka mwana wobwerera ku Joni chifukwa cha katchulidwe kake, amalowa m'kalasi kuchokera pamsika. Mphunzitsi akadzudzula yekha, anzake mu sitafu akuseka nawo, amagwa ulesi.

Nanga thandizo lenileni lingachokere kuti? Mabungwe akafuna kuthandiza aphunzitsi, chizolowezi n'kuwaitanira ku maphunziro a masiku atatu pamalo ogona alendo, kupereka alawansi ndi satifiketi, n'kutsanzikana. Opita kumeneko nthawi zambiri amakhala ahedi kapena achiwiri awo, osati madamu a Sitandade 3 amene ali ndi mwanayo. Pobwerera amati adzaphunzitsa anzawo, koma nthawi siipezeka. Sindikunena kuti maphunziro otere alibe phindu, koma vuto la mphunzitsi limabwera Lachiwiri m'mawa, pamene wophunzitsa uja anabwerera kale ku Lilongwe.

Ku msasa wa Kakuma m'dziko la Kenya anayesa njira ina mothandizana ndi Teachers College ya ku Columbia University. Aphunzitsi atalandira maphunziro sanasiyidwe. Ankakumana m'timagulu tating'ono motsogozedwa ndi mphunzitsi mnzawo, aliyense akubweretsa vuto lenileni la m'kalasi mwake, ndiponso anali ndi alangizi owayankha pa WhatsApp. Ife zida zoterezi tili nazo kale. Zoni iliyonse ili ndi TDC ndi mlangizi, misonkhano ya CPD, yosula aphunzitsi amene ali kale pantchito, imachitika, ndipo aphunzitsi ambiri ali kale m'magulu a WhatsApp. Chosowa n'chakuti nkhaniyi ilowe pa ndandanda wa zokambirana. Mphunzitsi wa ku Biriwiri amene wapeza njira yophunzitsira "ny" kwa mwana wolemba "nh" ali ndi chuma chimene mnzake wa ku Bembeke akuchisowa. Aphunzitsi opuma aja, amene anaphunzitsa m'zaka za nkhondo, aitanidwe adzafotokoze zimene ankachita.

Ku Bembeke komweko kuli koleji ya aphunzitsi ya St Joseph's, ndipo ophunzira uphunzitsi amatumizidwa m'sukulu zozungulira kukayeserera ntchito. Wophunzira uphunzitsi aliyense wa m'dera lino bwenzi akutuluka atadziwa mmene angayesere mwana wosamva chinenero chake, atadziwa zilembo zosemphana za Chipwitikizi, ndiponso ali ndi mawu makumi awiri kapena atatu a Chipwitikizi ndi Chiswahili oti alonjere nawo mwana, amuuze kuti akhale pansi, amufunse ngati wamva. Izi sizifuna chaka china cha maphunziro. Ndipo ophunzira uphunzitsiwo, pokhala awiriawiri m'kalasi, ndiwo angathe kukhala pansi pa mtengo ndi kagulu ka ana obwera kwa theka la ola, chinthu chimene mphunzitsi wa kalasi yodzadza sangakwanitse.

Koma thandizo lalikulu kwambiri, limenenso timalidutsa tsiku lililonse, lili m'mudzi. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Pakati pa makolo a ana obwerawa pali anthu ophunzira, ena anali aphunzitsi kwawo. Lero akugulitsa mu okala kapena kulima mbatata, ndipo palibe amene anawafunsapo kuti amadziwa chiyani. Pali anyamata ndi atsikana amene anamaliza Fomu 4, obadwira m'mabanja a zinenero ziwiri, amene akungokhala. Munthu wotere akabwera m'kalasi maola awiri pa sabata, kumasulira, kuwerenga ndi ana, kuthandiza pa msonkhano wa makolo, ntchito ya mphunzitsi imapepuka kwambiri. Ku Dzaleka, kumene bungwe la Jesuit Refugee Service lakhala likuyendetsa sukulu kwa zaka zambiri, othawa kwawo ena amathandiza kuphunzitsa limodzi ndi aphunzitsi a Chimalawi. Kwathu kuno komiti ya sukulu ndi amfumu angagwirizane zomuthokoza munthu wotere, ngakhale ndi kangachepe, chifukwa ntchito yodzipereka yopanda ngakhale sopo siikhalitsa.

Pamenepa pali chenjezo limodzi. Kusowa womasulira kumachititsa kuti mwana mnzake, kapena mwana yemweyo, azimasulira nkhani za akuluakulu. Pa zinthu zing'onozing'ono za m'kalasi palibe cholakwika, ndipo mwana womasulira amanyadira. Koma si bwino kuti mtsikana wa zaka 10 amasulire kwa bambo ake kuti mchimwene wake wagwidwa akuba, kapena kuti amasulire nkhani ya nkhanza imene mnzake wachitiridwa. Zimenezo n'za munthu wamkulu wodziwa kusunga chinsinsi.

Wina anganene kuti sukulu zathu zili kale ndi mavuto osaneneka, makalasi osakwana chiyambire 1994 pamene pulayimale inakhala yaulere, nyumba za aphunzitsi zodontha, ndiye bwanji kutaya nthawi ndi ana atatu kapena asanu m'kalasi ya ana 100? Funsoli ndi lachilungamo ndipo aphunzitsi ambiri amalifunsa mumtima. Yankho langa n'lakuti zimene mphunzitsi amaphunzira chifukwa cha ana asanuwo zimagwira ntchito pa onse. Pofika Sitandade 5 mwana aliyense wa ku Dedza amasanduka mlendo, chifukwa buku limayamba kumulankhula m'chinenero chimene kwawo sachilankhula. Kuyamba ndi chinthu chooneka ndi maso, kuphunzitsa mawu ofunika phunziro lisanayambe, kulola ana akambirane m'chinenero chawo asanayankhe, kufunsa funso loti mwana aonetse kuti wamva m'malo mwa "mwamva ana inu?" limene onse amayankha "eee": zimenezi n'zimene mwana wa kwa Kaphuka akuzisowa pa phunziro la sayansi, mofanana ndi mnzake wochokera ku Uvira, ku Congo.

Chinthu china chimene sukulu ingayambe mawa popanda ndalama ndi kulemba. Mwana wobwera akafika, ahedi asamangom'pereka pakhomo. Akhale pansi ndi kholo pamodzi ndi mphunzitsi wa kalasi, ngakhale kwa mphindi makumi awiri, afunse chinenero cha kunyumba, chinenero chimene mwana anaphunziramo, kalasi imene anafika, nthawi imene wakhala osapita kusukulu, ndi amene akumusunga. Za mapepala a boma zisafunsidwe pamenepo, ndipo kholo liuzidwe chifukwa chake akufunsidwa zinazo. Zolembedwazo zisungidwe mu ofesi, ndipo mphunzitsi aziwonjezerapo teremu iliyonse: zilembo zimene mwana wagonjetsa, mnzake amene amakhala naye, zimene zimamudzidzimutsa. Mu Seputembala mwanayo akakwera kalasi, pepalalo likwere naye, kuti mphunzitsi watsopano asayambenso kufufuza zimene mnzake wa khomo loyandikana anazipeza kale. Mlangizi wa zoni akasonkhanitsa chiwerengero cha zinenero m'sukulu zake, popanda mayina a ana, adzadziwa sukulu imene ikufuna munthu wa Chipwitikizi ndi imene ikufuna wa Chiswahili, ndipo potumiza aphunzitsi atsopano ofesi ya paboma idzakhala ndi poyambira.